Luso Losankha Tchanelo pa Madenga a ku Berlin

Pa madenga a nyumba zosanja ndi pa nsanja za matchalitchi mumzinda wa Berlin, ku Germany, pali timabokosi toyera tomangiriridwa ku mapaipi achitsulo. Amatiika ndi a gulu la Freifunk, anthu ongodzipereka amene kuyambira kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000 akhala akulumikiza marauta awo kuti intaneti iziyenda kuchoka pa nyumba ina kufika pa inzake popanda nthambo. Netiweki yotere imatchedwa mesh, ndipo rauta iliyonse imalandira uthenga kwa inzake n'kuupatsira kutsogolo. Ambiri akamayamikira ntchitoyi amatchula mapulogalamu osankha njira yodzera uthenga, monga OLSR ndi B.A.T.M.A.N., ndipo yachiwiriyi inabadwira m'gulu lomweli. Ine chimene chimandigwira mtima ndi mmene amisiriwa amasankhira tchanelo.

Malo olankhuliramo ndi ochepa. Bandi ya 2.4 GHz, imene dziko la America linailoleza mu 1985 kuti anthu aziigwiritsa ntchito opanda laisensi, ili ndi matchanelo 13 ku Ulaya. Tchanelo 1 chili pa 2412 MHz, ndipo chilichonse chotsatira chimangotalikirana ndi chinzake ndi 5 MHz basi. Komatu Wi-Fi imafuna mpata wa 20 MHz, yakale ija 22, kuti ilankhule. Ndiye kuti amene ali pa 3 akuponderana ndi wa pa 1 komanso wa pa 6. Osaponderana amene amatchulidwa kawirikawiri ndi atatu, 1, 6 ndi 11, ndipo m'malo ochepa omwewo mulinso Bluetooth ndi phokoso lotuluka m'mamaikulowevu a m'khitchini.

Vuto la mesh limayambira apa. Rauta yokhala ndi wailesi imodzi imangomva anzake amene ali pa tchanelo chake, choncho netiweki yonse iyenera kukhala pa tchanelo chimodzi. Wailesiyo siingathe kulankhula ndi kumvetsera nthawi imodzi. Imayamba yatchera khutu, ikamva kuti wina akulankhula imadikira. Zili ngati pabwalo la milandu kwa amfumu, pamene munthu mmodzi yekha ndiye amapatsidwa mpata, ndipo mawu a wakutali amayenera kubwerezedwa ndi wapakati kuti afike. Rauta yapakati imalandira uthenga, kenako n'kuutumiza pa tchanelo chomwecho, ena onse oyandikana nayo ali chete. N'chifukwa chake liwiro limatsika pafupifupi ndi theka uthenga ukadumpha kachiwiri, ndipo limapitirira kutsika mzere ukamatalika.

A ku Berlin anagwirizana kuti marauta awo azikumana pa tchanelo 13, ndipo mu bandi ya 5 GHz azikumana pa 36. Nambala 13 ndimaiona kuti inasankhidwa mwanzeru. Ili kumapeto kwenikweni kwa bandi, kotero oyandikana nayo ali mbali imodzi yokha. Ili ndi vuto lake ndithu, chifukwa zipangizo zina zokonzedwera msika wa ku America zimathera pa 11 ndipo sizichiona n'komwe tchanelo chimenechi. Koma chachikulu ndi chakuti anthu osadziwana, opanda bwana wowalamula, anamvana nambala imodzi, moti munthu akalumikiza rauta yatsopano pawindo pake, yokha imapeza inzake ya kutsidya kwa msewu.

Luso lenileni limaonekera pansanja. Kumeneko sadaliranso wailesi imodzi. Amaika zingapo, iliyonse ndi mlongoti wake woloza mbali imodzi ndi tchanelo chakechake, kuti ina izilandira kuchokera kummawa inzake ikutumiza kumadzulo popanda kudikirana. Ntchito yonyamula katundu wolemera pakati pa nsanja ndi nsanja amaisiyira 5 GHz, imene ili ndi matchanelo ambiri osaponderana, pamene 2.4 GHz, yomwe imalowako bwino m'makoma, amaisungira mafoni ndi malaputopu a anthu pansi. Mmisiri wabwino amatalikitsa milongoti pa paipi, amapewa kuika mawailesi awiri oyandikana pa matchanelo otsatizana, chifukwa wailesi yofuula pambali pa inzake imaigonthetsa ngakhale nambala zisiyane. Amakananso chiyeso chotsegula tchanelo chotakata cha 80 MHz. Inde chimathamanga, koma chimadya malo a matchanelo anayi a 20 MHz ndipo chimatola phokoso lambiri.

Mu bandi ya 5 GHz muli eni ake oyamba. Matchanelo oyambira 100 mpaka 140, amene ku Ulaya amaloledwa panja, amagawana mpata ndi makina a radar, kuphatikizapo oona zanyengo amene ali pakati pa 5600 ndi 5650 MHz. Lamulo limati wailesi iyambe yamvetsera kwa masekondi 60 isanalankhule, ndipo pa matchanelo a zanyengowo imvetsere mphindi 10. Ikangomva radar iyenera kusamuka, osabwererako kwa mphindi 30. Wopanga netiweki amayenera kudziwiratu kumene wailesi yakeyo ithawire, kuopa kuti ingakagwere pa tchanelo cha inzake ya pa paipi yomweyo.

Kuona nsanja inayo ndi maso sikokwanira. Mafunde amafuna mpata wozungulira mzere wowongokawo, wotupa pakati, umene umatchedwa dera la Fresnel. Pa mtunda wa makilomita 2, pakati pa njira, mpatawo umafika mamita pafupifupi 8 kuchokera pamzere ngati ili 2.4 GHz, ndi mamita 5 okha ngati ili 5.5 GHz. Amisiri amaonetsetsa kuti magawo 60 pa 100 alionse a mpatawo asakhudzidwe ndi denga kapena mtengo. Mtengo ndiwo umapusitsa. Kulumikizana kumene kunali bwinobwino m'nyengo yozizira, masamba atayoyoka, kumafooka masamba akaphukira, pakuti madzi a m'masambamo amamwa mphamvu ya mafunde. Woika mlongoti pamtengo wosayoyola amayesa ndi nthambi za chaka chamawa zomwe.

Chimene ndimachilemekeza koposa ndi mmene amachitira ndi mphamvu. Munthu wachilendo pantchitoyi akaona kuti zikudukaduka amathamangira kukweza mphamvu yotumizira. Katswiri nthawi zambiri amaitsitsa. Amadziwa kuti rauta yofuula imamveka kutali kumene siikufunika, n'kutseka pakamwa marauta ambiri amene akanatha kulankhula nthawi yomweyo, komanso kuti foni ya m'thumba singayankhe ndi mphamvu yofanana. Amakonza mlongoti m'malo mwake, chifukwa mlongoti wolozetsedwa bwino umathandiza polankhula ndi pomvetsera pomwe.

Nzeruzi zinafika kale kwathu kuno. Ku Macha, kummwera kwa Zambia, netiweki ya LinkNet inagwiritsa ntchito marauta a Linksys okhala ndi pulogalamu ya Freifunk m'zaka za m'ma 2000. Inu amene mukufuna kulumikiza sukulu, chipatala ndi nyumba za aphunzitsi, musanagule rauta yachiwiri yambani mwayenda ndi foni kapena laputopu yoonetsa matchanelo, mulembe amene ali kale ndi eni, ndipo mufunse ku MACRA kapena ku ZICTA, mabungwe oyang'anira za kulumikizana, za mabandi ndi mphamvu zimene zili zololedwa kwanuko.