Mphepo ya ku Wimbe ndi Mafuta a Pansi pa Nyanja

Buku la William Kamkwamba ndi Bryan Mealer, The Boy Who Harnessed the Wind, lidatuluka m'chaka cha 2009. Patangotha zaka ziwiri galimoto zinkagona pamizere m'malo omwetsera mafuta, ndipo chaka chomwecho cha 2011 boma lidaloleza kampani ya ku Britain, Surestream Petroleum, kufufuza mafuta pansi pa Nyanja ya Malawi. Ambiri adaliwerenga bukuli ngati nthano ya mwana wanzeru basi, koma ine ndimaliona ngati mboni yomwe idafika pabwalo mlandu wa mafutawu usadayambe.

Nkhani yake njodziwika. Mnyamata wa ku Wimbe m'boma la Kasungu asiya sukulu ya sekondale kaamba kosowa fizi pa njala ya 2001 ndi 2002. M'kalaibulale ka kwawo apezamo buku lotchedwa Using Energy, ndipo ndi zitsulo zotola kudzala, dayinamo ya njinga, mapaipi a pulasitiki ndi mitengo ya bulugama, amanga makina osandutsa mphepo kukhala magetsi.

Pamene bukuli likoma zedi si pomwe babu liyaka koyamba ayi, ngakhale mpomwe owerenga ambiri amaombera m'manja. Likoma m'mitu yotsatira, pomwe makinawo avutavuta, mnyamata nakwera nsanja kukakonza yekha. Chilichonse cha pamakinapo akuchidziwa chifukwa adachitola ndi kuchilumikiza ndi manja ake. Alembiwa, kaya modziwa kaya mosadziwa, adatipatsa muyeso wa kudziimira patokha: kodi chinthucho chikafa, wochidzutsa ali pakhomo pompano?

Tiyeze mafuta a m'nyanja ndi muyeso umenewu. Wofufuza ndi mlendo, makina okumbira ngochokera kunja, ndipo dziko lino lilibe fakitale yoyenga mafuta. Atapezeka, angatuluke osayenga n'kubwerera kwa ife pa mtengo wa madola. Dziko la Nigeria lakumba mafuta kuyambira m'ma 1950, komabe kwa zaka zambiri lidali kugula petulo kunja. Nanga ife tisadaone n'dontho lomwe, mu 2012 mkangano wa malire a nyanja ndi Tanzania udali utabuka kale. Za chambo ndi usipa mafuta atatayikira m'madzi, msodzi wa ku Nkhata Bay angafotokoze bwino kuposa ine.

Komatu bukuli lili ndi pofooka pake. Mababu anayi ndi wailesi sizigaya chimanga, sizikoka thiraki ya feteleza kuchoka ku Beira. Ndipo kuyambira pomwe Kamkwamba aitanidwa ku msonkhano wa TED ku Arusha mu 2007, nkhani isanduka ya alendo achifundo ndi thandizo lawo. Mitu yomalizayi ithamanga, mnyamata wokonza yekha uja nazimirira pakati pa omuthandiza. Apa ndimamva dzanja la Mealer, yemwe ankalembera owerenga a ku America okonda nkhani yothera pachimwemwe.

Funso la dziko lonse bukuli lidangolikhudza pamwamba. Magetsi athu ambiri amachokera mumtsinje umodzi wa Shire, pa Nkula, Tedzani ndi Kapichira, ndipo namondwe Ana ataononga Kapichira mu Januwale 2022 tidaona kuipa kodalira gwero limodzi. Magetsi a dzuwa a mamegawati 60 omwe adatsegulidwa ku Salima mu 2021 ndi sitepe yabwino, ngakhale nawonso, tikawayeza ndi muyeso wa ku Wimbe, zipangizo zake nzakunja. Chomwe chimayandikirako ndi ethanol wa nzimbe zathu, yemwe wakhala akupangidwa ku Dwangwa kuyambira 1982 n'kumasakanizidwa ndi petulo, koma alembi athu samutchula n'komwe.

Kenaka pali nkhani ya chiyankhulo. Buku lonena za kuphunzira kuchokera m'buku lidalembedwa m'Chingerezi, chiyankhulo chomwe Kamkwamba mwiniwake ankavutika nacho mpaka kudalira zithunzi za mu Using Energy. Filimu ya Chiwetel Ejiofor ya 2019 idayesa kubwezera nkhaniyi m'Chichewa, ndipo pokhapo ayamikidwe, koma Chichewa cha ena mwa ochita seweroli chimafuna kutchera khutu kawiri kuti munthu wa ku Kasungu achizindikire.