Antigone: lamulo la mfumu ndi maliro a mlongo

Kale ku Athens, m'dziko la Greece, anthu anali kusonkhana caka ndi caka pa cikondwerero ca mulungu wao Dionysus kudzaonerera masewero. Anali kukhala m'mbali mwa phiri, anthu zikwizikwi. Osewera anali amuna okhaokha, obvala zigoba kumaso, ndipo pambali pao panali gulu la oyimba. Ca m'ma 441 Yesu asanabadwe, Sophocles anaonetsa sewero la Antigone. Iye analemba masewero oposa 120, koma otsala athunthu ndi 7 okha.

Nkhani yake ndi iyi. Anyamata awiri apacibale anaphana polimbirana ufumu wa Thebes. Malume ao Creon atalowa ufumu, analamula kuti Polynices asaikidwe m'manda, popeza anabwera ndi nkhondo pa mudzi wakwao. Mlongo wake Antigone anakana lamulolo, nakathira dothi pa mtembo. Mfumu inamutsekera m'phanga, ndipo iye anadzimangirira. Haemon, mwana wa mfumu amene anali kudzamukwatira, anadziphanso. Mai ake a Haemon atamva, naonso anadzipha. Creon anatsala yekha.

Ife tikuona kuti mphamvu ya seweroli ili apa: Creon si citsiru. Iye akufuna kuteteza mudzi umene wangotuluka m'nkhondo. Antigone nayenso ali ndi cifukwa, pakuti womwalira sataidwa kwa agalu. Mfumu inalakwa pokana kumva. Mwana wake anailangiza, siinamve. Inadzamva mlosi wakhungu Tiresias madzi atafika m'khosi.

Koma tisaiwale gulu la oyimba. Iwo ndi akuluakulu a mudzi. Anaona zonse, koma anacedwa kudzudzula mfumu. Kwa ife, mlandu wina uli pa iwowa.

Seweroli silinafe. Mu 1944 Jean Anouilh anaonetsa Antigone wake ku Paris, mzindawo uli m'manja mwa Ajeremani. Ku ndende ya Robben Island akaidi analisewera, ndipo Nelson Mandela ndiye anali Creon. Mu 1973 Athol Fugard, John Kani ndi Winston Ntshona anapanga sewero la The Island, lonena za akaidi awiri okonzekera kusewera Antigone.

Tiyeni tikambirane. Lamulo likatsutsana ndi udindo wathu kwa abale, timvere citi? Nanga akuluakulu akakhala cete, mudzi umauteteza ndani?