Luso lojambulira malo panja

Mukadutsa pa Madisi pa msewu wa M1, muyang'ane makoma a magolosale ndi malo odyera. Ena ali ndi zithunzi za phiri, dambo ndi ng'ombe zikudya msipu. Amisiri ojambula zimenezi ndi oyenera ulemu.

Wojambula weniweni sakhala m'nyumba. Amatenga penti ndi bulashi, nakhala panja moyang'anana ndi mapiri a Ntchisi. Amaona kuti phiri lakutali limaoneka lobiriwira ngati mtambo, pomwe chigafa cha fodya chapafupi chili chodera. Mu Seputembala amasakaniza penti yofiira ndi yachikasu kuti ifanane ndi masamba atsopano a mitengo ya m'thengo, ndipo amafulumira chifukwa dzuwa likapendeka mithunzi imasintha.

Ku Italy, ojambula otchedwa Macchiaioli a ku Florence ankachita chimodzimodzi m'zaka za m'ma 1850, ndipo lero ophunzira amapita kumeneko kukaphunzira lusoli pamodzi ndi chilankhulo cha dzikolo. Kwathu kuno, ku Mua, Bambo Claude Boucher anatsegula malo a zaluso ndi chikhalidwe otchedwa Kungoni mu 1976.

Tiyeni tizigula ntchito za amisiri athu, ndipo ana okonda kujambula tiwapatse pepala ndi nthawi.