Makina oyeza dothi ndi kuwala sangalamule feteleza wa m'mapiri a Dedza

Njira yoyeza dothi ndi kuwala kwa infrared imatchulidwa kawirikawiri ngati yolowa m'malo mwa labotale ya mankhwala. Pa minda ya m'mapiri a Dedza, mawu amenewa ndi okokomeza, ndipo wolipira mtengo wake ndi mlimi.

Dothi limaumitsidwa, n'kusefedwa pa sefa ya mamilimita 2, ndipo pa makina a mid-infrared limaperedwanso mpaka kukhala ufa. Kadothi kosadzaza supuni ya tiyi kamawalitsidwa ndi kuwala kosaoneka ndi maso, makina n'kuwerenga kuwala komwe kwabwerera. Dongo, mchenga ndi zowolerana zimameza kuwalako mosiyana. Apa ndi pomwe ambiri amasokonezeka: makinawa sayeza mchere wa m'nthaka mwachindunji. Kompyuta imayerekeza zomwe yawerenga ndi za madothi ena omwe anayezedwa kale ndi mankhwala, kenako imalosera. Keith Shepherd ndi Markus Walsh a ku ICRAF ku Nairobi anasonyeza mu 2002, pa madothi oposa 1,000 a kum'mawa ndi kum'mwera kwa Africa, kuti kuloseraku n'kotheka, ndipo pulogalamu ya AfSIS yomwe inayamba mu 2009 inafalitsa njirayi.

Ubwino wake ndi wosatsutsika. Pa kuchuluka kwa dongo, zowolerana ndi kashiamu, makinawa amalosera bwino, mwachangu, osagula mankhwala. Pojambula mapu a nthaka ya boma lonse, njirayi imapulumutsa ndalama zambiri.

Vuto lili pa fosifolasi. Fosifolasi yomwe mbewu ingamwe, yomwe malabotale a m'dziko muno amayeza ndi njira ya Mehlich 3, imakhala mamiligalamu ochepa chabe pa kilogalamu ya dothi, ndipo siisiya chizindikiro chakechake m'kuwalako. Kompyuta imangoiganizira poona dongo, ayironi ndi zowolerana. Tiyerekeze minda iwiri yoyandikana ku Bembeke, yonse ya katondo. Wina wakhala ukulimidwa mbatatesi ndi feteleza wambiri chaka ndi chaka, winawo chimanga chopanda feteleza wokulitsa. Kwa makina, madothi awiriwa amaoneka pafupifupi ofanana, ndiye onse amapatsidwa nambala yapakati. Mlimi woyamba agula thumba la makilogalamu 50 lomwe sakulifuna, wachiwiri athira mopereweza. Chonsecho fosifolasi ndiye vuto lalikulu la madothi ofiira a asidi, chifukwa ayironi ndi aluminiyamu zimaimanga kuti mizu isaifike. Potaziyamu, yemwe mbatatesi imamufuna kwambiri, nayenso saloseredwa mokhulupirika.

Pa asidi makinawa amachitako bwino, komabe pafunika kusamala. Pansi pa pH 5.5 ndi pomwe aluminiyamu amayamba kuwononga mizu ya nyemba ndi chimanga. Munda wa 5.2 ukalembedwa 5.6, mlangizi anena kuti laimu safunika. Kulakwitsa kotereku kumakula ngati madothi oyerekezera anatengedwa ku chigwa cha Lilongwe kapena cha Shire, komwe nthaka ndi ina.

Chodandaulitsa china ndi kalembedwe ka zotsatira. Nambala yoloseredwa ikasindikizidwa ngati 14.37, imaoneka yotsimikizika kuposa momwe ilili. Pepala lililonse liyenera kuonetsa manambala oyezedwa ndi mankhwala ndi ongoloseredwa. Mlangizi akalandira lopanda kusiyanitsaku afunse, ndipo afunsenso ngati pakati pa madothi oyerekezera panali a m'mapiri a Dedza. Gawo lina la madothi a ulendo uliwonse lipite ku labotale ya mankhwala, monga ya ku Chitedze kapena ku Bvumbwe, kuti zotsatira zifananizidwe.

Popeza makina amawerenga kadothi kochepetsetsa, katengedwe ka dothi kumunda n'kofunika koposa. Alimi otsogola atape malo osachepera 10 mozungulira munda, kuya masentimita 20, kupewa pa chulu ndi pomwe panaunjikidwa manyowa, asakanize bwino, ndipo dothi la kumtunda kwa phiri lisaphatikizidwe ndi la m'munsi.