Mmene burashi imagwirira dzuwa pamadzi a ku Chembe

Alendo ogona m'maloji a ku Cape Maclear akatha kadzutsa wawo wa dzuwa litakwera, amatsikira kumchenga m'magulu kukaona zithunzi zimene ojambula a m'mudzi wa Chembe ayala. Amaona ntchito yotha kale. Yokoma kuonerera imachitika madzulo, dzuwa likupendekera ku chilumba cha Thumbi.

Wojambula amayamba ndi nsalu yolimba. Amaikoka pa felemu ya matabwa, kukhomera mbali imodzi, kenako yoyang'anizana nayo, mpaka akaigogoda ndi chala ilire ngati ng'oma. Amaipaka penti woyera, kudikira iume, n'kupakanso, kuti nsaluyo isamwe utoto.

Thambo ndilo loyamba. Penti wa akiriliki, amene amasungunuka ndi madzi, sachedwa kuuma pa kutentha kwa kunyanja, choncho dzanja silipuma. Burashi yaikulu imayenda uku ndi uku, chikasu chikulowerera mu kufiira zonse zikadali zonyowa.

Pamadzi m'pamene pali luso londigometsa. Apa sasakanizanso. Amatenga burashi yaing'ono yaphanthiphanthi n'kumagunda nsalu timizere tifupitifupi topingasa, mkono uli chete, chikugwira ntchito ndi chikhatho chokha. Kutali, kumene nyanja yakumana ndi thambo, timizereto ndi tating'ono, tothithikana. Akamatsikira kugombe timakula n'kumatalikirana, ndipo mwa njira yokhayi nsalu yosalala imakhala ndi mtunda. Kamzere ka olenji amakaika pambali pa ka buluu, n'kusiya mautoto awiriwo osawapaka pamodzi. Akanawasakaniza bwenzi atapeza utoto wothimbirira. Akawasiya moyandikana, uliwonse umawalitsa unzake. Ukayandikira umaona madontho okhaokha. Ukabwerera m'mbuyo pang'ono, madzi aja ayamba kunyezimira, chifukwa diso lako lasakaniza lokha. N'chifukwa chake wojambulayo sakhazikika: kugunda kangapo, kudzuka, kubwerera m'mbuyo, kutsinzina pang'ono, kubweranso.

Njira yotereyi ndi imene Claude Monet ndi anzake anadziwika nayo ku France. Mu 1872 Monet anajambula doko la Le Havre dzuwa likutuluka, kuwala kwake pamadzi kuli timizere towerengeka ta olenji. Chithunzicho, Impression, soleil levant, chitaonetsedwa ku Paris mu 1874, wolemba nkhani Louis Leroy anachinyoza kuti n'chosatha, ndipo dzina loti Impressionist, limene ojambula a njirayi amadziwika nalo, linachokera pamenepo. Monet ankathamangitsana ndi kuwala kwa m'mawa. Wa ku Chembe amathamangitsana ndi kwa madzulo, kumene kuno kwathu sikuchedwa kuzilala.

Bwato limabwera pomaliza, ndi kaburashi kosongoka. Utoto wake si wakuda bii ayi, koma buluu wothira kufiira pang'ono, kuti bwatolo likhale m'madzi, lisaoneke lomata pamwamba. Msodzi ndi kadontho kopendekeka, nkhafi yake kamzere kamodzi. Chithunzithunzi cha bwato pamadzi amachidula ndi timizere towala, poti mafunde salola mthunzi kukhala wathunthu.

Chithunzi chonse chikauma amachizula pa felemu n'kuchikulunga penti ali kunja, kuti asang'ambike popinda.