Amisiri osema mdima

Ife a ku Tamanda mdima timaudziwa. Timadziwa mmene nkhope ya munthu imaonekera akayandikira koloboyi, tsaya limodzi likuwala, linalo litamira. N'chifukwa chake ndimawavulira chipewa amisiri amene ankajambula makanema opanda mitundu a m'ma 1940, aja Afalansa anawatcha film noir. Anthu amenewa mdima ankachita kuusema ngati mtondo.

Agogo athu kanema anayamba kumuonera pachinsalu cha galimoto yoyendayenda, Chipata akadali Fort Jameson. Bungwe la Central African Film Unit linayamba mu 1948, likupanga makanema olangiza anthu akuda. Chaka chotsatira, Carol Reed anatulutsa film noir ya The Third Man, yojambulidwa m'mabwinja a Vienna nkhondo yachiwiri yapadziko lonse itangotha.

M'kanemayu muli kamphindi kamene ndimakabwereza pafoni mpaka batire kutha. Ndi usiku, msewu uli zii. Mphaka akudzikhula pansapato za munthu wobisala pakhomo. Mayi wina m'nyumba yosanja ayatsa getsi, kuwala n'kugwera pankhope ya Harry Lime, amene onse akuti anafa n'kuikidwa. Orson Welles, amene akusewera ngati Lime, angomwetulira pang'ono, getsi n'kuzima. Thupi langa limachita tsembwe nthawi zonse. Wojambula Robert Krasker analandira Oscar, ndipo inamuyenera: miyala ya mumsewu ankaithira madzi kuti inyezimire, kamera n'kuipendeketsa kuti woonera mtima ukhale m'mwamba.

Nyimbo ya kanemayu ndi ya chida chimodzi chokha, zither ya Anton Karas, yolira ngati bangwe wa madzulo pabwalo.