Khonde la Huntingdon House

Nyumba imene Maclean Kay anamanga pa esiteti ya Satemwa ku Thyolo mu 1928 imayamba kulankhula mlendo asanaodire, ndipo mawu ake oyamba ndi khonde. Kay, wochokera ku Scotland, anakhazikika pamalo ano mu 1923, ndipo anatsata kamangidwe kamene Angelezi anakatola ku Bengal: nyumba yosasanjikiza, yotambalala pansi, denga lake lopitirira zipupa kuti lipereke mthunzi. Chogwira mtima pa Huntingdon House ndi kayendedwe ka mizati yake. Mzati, mpata, mzati, mpata: diso limaponda ngati wovina wosapupuluma, ndipo mpata uliwonse umadula kapinga, maluwa ndi mitengo n'kuzisandutsa chithunzi chopachika. Kuseri kwa maluwawo mizere ya tiyi ikubwereza dongosolo lomwelo, moti nyumba ndi munda zikuyankhana monga woyambitsa nyimbo ndi ovomera ake. Wokhala pampando pakhondepo amaona kubiriwira kosalala ngati mphasa yoyala kumene, ndipo mtunda umene mmisiri anausiya pakati ndi wokwanira kuti thukuta lisaoneke.

Mawu akuti khonde azungu a ku Nyasaland anawatenga momwemo n'kuwalowetsa m'Chingelezi chawo, koma tanthauzo analipinda. Kumudzi khonde ndi polonjerana: mlendo amuyalira mphasa, amufunsa za kumene wachokera, kenaka alowa. M'nyumba za eni maesiteti khonde linali malire. Kapitawo ankafika pamasitepe, chipewa chili m'manja, kunena za ntchito ya tsikulo, n'kubwerera. Malo amodzi omwewo ankaitana komanso ankaletsa, ndipo mphamvu ya nyumbayi yagona pamenepo, chifukwa ilibe mpanda wa njerwa woonetsa poyera kuti wina athere apa. Mthunzi wokha unkagwira ntchito imeneyo.

Pali malo amodzi pamene nyumbayi imagonjera dziko limene yakhalamo. Khonde lotere analiganizira kutentha kwa ku India, koma mu June ndi July chiperoni chimakuta mapiri a Thyolo ndi nkhungu yonyowa yolowa m'mafupa. N'chifukwa chake mkati muli poyatsira moto. Masana nyumba imatsegukira kunja, madzulo imadzikunga mozungulira nkhuni zoyaka, ndipo kusinthana kumeneku ndiko kumaipatsa mpweya wa chinthu chamoyo. Ine gawo limeneli ndi limene ndimalikonda koposa.

Lero ndi nyumba yogona alendo, ndipo zipinda zake zisanu zili ndi mayina: Father's Room, Mother's Room, The Nursery, The Chapel ndi Planter's Room. Kuwawerenga motsatizana kuli ngati kuwerenga ndakatulo ya mizere isanu. Atatu oyambawo ndi banja: bambo, mayi, ana. Dzina lachinayi likukweza banjalo kwa Mulungu. Dzina lachisanu lokha ndi limene likutchula ntchito, ndipo likutchula munthu mmodzi, wodzala. Apa liwu limodzi lasenza katundu wa anthu ambiri. Manja amene anagwetsa nkhalango ndi kudzala tiyi m'maesiteti a Thyolo ambiri anali a Alomwe owoloka kuchokera ku Mozambique, ena ogwira thangata kuti apeze pomanga, ndipo nyumba zawo zinali za m'malayini, zopanda mayina. Mndandandawo wangoti zii pa iwo, monga momwe khonde limaonetsera munda wopanda wothyola. Koma m'mamawa, nkhungu isanachoke, mayi amadutsa m'mizere ija dengu lili kumsana, zala zikutsina masamba awiri ndi kansonga, ndipo amene wadzuka msanga n'kuyenda pang'ono kupyola maluwa amamva masambawo akugwera m'dengu.